Kagulugufe ka ku Oslo ndi luso lowotcha galasi pa siliva

Kunyumba kwa agogo anga aakazi ku Dedza kunali kapu yachitsulo, yoyera, ya mlomo wabuluu, imene aliyense ankadziwa kuti ndi ya agogo ndipo mwana sankaloledwa kumwera. Inali yobenthuka malo atatu, ndipo pobenthukapo pankaoneka chitsulo chakuda chimene chinali chitayamba kuchita dzimbiri, koma pena ponse panali poyera mbee ngati kuti kapuyo yagulidwa dzulo. Ndikamatsuka ziwiya, agogo ankandichenjeza kuti, "Iwe mwana, kapu yangayo usaimenyanitse ndi mphika, imeneyo ndi galasi." Ine sindinkawamvetsa, pakuti maso anga ankaona chitsulo. Panapita zaka zoposa 20 ndisanazindikire kuti agogo ankanena zoona, ndipo chimene chinanditsegula maso ndi kagulugufe kasiliva kamene ndinagula tsiku lina Lamlungu m'mawa kunja kwa mzinda wa Birmingham ku England, kumene ndikukhala tsopano.

Choyera chimene chinakuta kapu ya agogo chimatchedwa enamel, ndipo si penti ayi. Ndi galasi loperedwa mpaka kukhala ufa, lothiridwa pachitsulo, pamkuwa, pasiliva kapena pagolide, kenako n'kulowetsedwa m'ng'anjo yotentha madigiri apakati pa 750 ndi 850 mpaka ufawo utasungunuka n'kumatirira. Mtundu wake umachokera ku timiyala ndi tizitsulo timene amasakaniza m'galasimo polipanga: cobalt amapereka buluu wozama, mkuwa umapereka mtundu wobiriwira, tini amapereka kuyera kosaonekera mkati, ndipo kufiira kokongola kwambiri kumachokera ku golide weniweni. Popeza mtunduwo uli m'kati mwa galasi, dzuwa silingausulutse ndipo thukuta silingaudye. N'chifukwa chake mphete yopangidwa zaka 200 zapitazo imatha kukhala ndi buluu wowala ngati wa lero, pamene nsalu imene mwini wake ankavala inasanduka fumbi kalekale. Koma galasi ndi galasi basi, limalimba pa zaka ndipo limafooka pa kugwa.

Msika umene ndinagulako kagulugufeko ndi wa mtundu umene anthu a kuno amabwera ndi katundu wakale m'galimoto zawo n'kumuyala patebulo m'bwalo la udzu, ndipo kwa ine umafanana kwambiri ndi kaunjika, kungoti pano pamagulitsidwa mawotchi akufa, mbale za makolo ndi mabuku onunkha chinyezi. Mayi wina wachikulire anali ndi chitini cha mabisiketi chodzaza mabatani, ndolo zopanda zinzake ndi mabaji a sukulu. Pansi pa zonsezo panali kaphini kokongoletsa kobaya pachovala, kamene Angerezi amati brooch, kopangidwa ngati gulugufe wotambasula mapiko, kaakulu ngati chala changa chachikulu. Mapiko akumwamba anali abuluu ndipo akumunsi anali achikasu. Nditakatembenuza ndinaona zilembo zing'onozing'ono zakuti D-A, nambala 925S, mawu akuti Norway Sterling ndi kachizindikiro ka sikelo. Ndinalipira mapaundi ochepa chabe osadziwa tanthauzo la zilembozo, ndipo madzulo a tsiku lomwelo ndinapeza kuti ndi za kampani ya David-Andersen ya ku Oslo, imene inakhazikitsidwa mu 1876 ndipo m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 inapanga agulugufe ndi masamba oterewa ambirimbiri amene anafalikira ku Ulaya ndi ku America konse. Nambala 925 imanena kuti m'magawo 1,000 a chitsulocho, magawo 925 ndi siliva.

Chimene chinandigwira mtima ndinachiona mawa lake, nditaika kagulugufeko pawindo ndi kukayang'ana ndi galasi lokulitsa zinthu. Buluu uja anali woonekera mkati ngati madzi a padziwe loyera, ndipo pansi pake, pasiliva, panali timizere tosawerengeka tozokotedwa motsatana kuchokera pathupi la gulugufe kupita kunsonga za mapiko. Ndikapendeketsa pang'ono, kuwala kunkayenda pa timizereto ngati mmene mphepo imayendera pamunda wa mpunga, malo ena n'kuda, ena n'kuwala, kenako n'kusinthana. Pamene mzere unali wakuya, galasi linali lochindikala ndipo buluu anali wozama. Pamene siliva anali wokwera, buluu anali wopepuka ngati thambo la m'mawa. Mmisiri anathira mtundu umodzi wokha, koma diso limaona mitundu isanu kapena isanu ndi umodzi. Kalembedwe ka timizere totere kamatchedwa guilloché, ndipo poyamba ankatizokota ndi makina opukusa ndi dzanja otchedwa rose engine, amene amagwedeza chitsulo motsatira gudumu la mano pamene mpeni wosongoka ukudula mzere umodzi, kenako wina, mpaka malo onse atadzaza. Mayina ambiri a luso limeneli ndi Achifalansa, ndipo ngakhale amisiri a ku England amawatchula momwemo.

Ndinayamba kufunsa ndi kuwerenga za mmene ntchitoyi imagwiridwira, ndipo ndinadabwa kuona kuti chiyambi chake n'chodziwika kwa mkazi aliyense amene anakulira kumudzi. Mmisiri amatenga zibenthu za galasi la mtundu, amaziika mu kamtondo ka mwala wolimba, amathira madzi, n'kuyamba kupera ndi kamunsi. Akapera amatsanula madzi oyererawo, n'kuthiranso ena, n'kutsanulanso, kufikira madzi atatsala oyera, chifukwa fumbi losalala kwambiri likatsalira limachititsa galasi kuoneka ngati lachita nkhungu likapsa. Ufa wonyowawo amauika pachitsulo ndi nsonga ya nthenga kapena kaburashi, pang'onopang'ono, amayamwitsa madzi ndi kansalu, n'kuuyanika mpaka uume gwa, popeza dontho limodzi lotsalira lingawire m'ng'anjo n'kumwaza ufa wonse. M'ng'anjomo chinthucho chimakhala mphindi imodzi kapena ziwiri zokha, ndipo mmisiri amayang'anira ndi maso, kuona ufa ukusintha kuchoka pooneka ngati shuga, kufika pokhakhala ngati khungu la lalanje, mpaka kusalala ngati madzi. Akachedwa pang'ono, mitundu yofiira imapserera n'kuda. Akachitulutsa amachisiya kuti chizizire, amathiranso ufa wina woonda, n'kuwotchanso, ndipo zimenezi zimabwerezedwa kangapo asanayambe kupala pamwamba ndi mwala ndi kupukuta. Palinso chinthu chimodzi chimene ogula ambiri sachidziwa. Chitsulo ndi galasi sizifutukuka ndiponso sizikhwinyata mofanana zikatentha ndi kuzizira, choncho chitsulo chopyapyala chikakutidwa mbali imodzi yokha chimapindika ndipo galasi limang'aluka. Pofuna kupewa zimenezi amisiri amakuta ndi kumbuyo komwe, ndipo ine tsopano ndikagwira chinthu chakale ndimayamba kuyang'ana kumbuyoko ndisanayang'ane kutsogolo.

Njira imene anthu ambiri amaidziwa ndi cloisonné. Mmisiri amapinda timawaya tophwatalala ta golide kapena siliva kukhala chithunzi, amatiimika pachitsulo ngati malire a timinda ta m'dimba, ndipo m'kamunda kalikonse amathiramo mtundu wake. Mphete zagolide zopezeka m'manda ku Kouklia pachilumba cha Cyprus zimaonetsa kuti anthu ankachita kale zimenezi zaka zoposa 3,000 zapitazo. Chitsanzo chimene ndinachiona ndi maso anga chili ku Ashmolean Museum mumzinda wa Oxford, ndipo chimatchedwa Alfred Jewel. Chinafukulidwa mu 1693 pafupi ndi North Petherton m'chigawo cha Somerset, kutalika kwake n'kopitirira pang'ono masentimita 6, ndipo m'mbali mwake muli mawu a Chingerezi chakale onena kuti Alfred ndiye analamula kuti chipangidwe. Ameneyu ndi mfumu Alfred amene analamulira kuyambira 871 mpaka 899. Pansi pa mwala woonekera mkati pali munthu wovala zobiriwira, wa maso aakulu, atagwira ndodo ziwiri zophuka maluwa. Kunena zoona chithunzicho sichosalala, nkhope yake ndi yopendama ndipo timawaya timaoneka kuti tinavuta kupinda, koma ndinaima pamenepo nthawi yaitali, chifukwa kubiriwira kumene ndinkaona ndi komweko kumene mmisiriyo anaona atatulutsa ntchito yake pamoto zaka zoposa 1,100 zapitazo.

Njira ya champlevé imayenda mosiyana, pakuti m'malo moimika malire, mmisiri amagoba maenje m'chitsulo chochindikala n'kuwadzaza galasi. Mzinda wa Limoges ku France unatchuka nayo m'zaka za m'ma 1100 ndi 1200, pamene unkatumiza mitanda ndi timabokosi ta m'tchalitchi ku Ulaya konse. Kuchokera ku njira imeneyi kunabadwa basse-taille, kholo la kagulugufe kanga, mmene mmisiri amasema chithunzi chosazama pagolide kapena siliva n'kuchikuta ndi galasi loonekera mkati. Amene akufuna kuona pamene lusoli linafika pachimake apite ku British Museum ku London akaone chikho chotchedwa Royal Gold Cup, chopangidwa ku France cha m'ma 1370, cha golide yekhayekha wolemera pafupifupi makilogalamu awiri, chofotokoza moyo wa Agnes Woyera. Mikanjo ya anthu a pachikhocho ndi yofiira ngati magazi, ndipo mapindidwe a nsalu amene diso limaona anasemedwa pagolide pansi pa galasi.

Zodzikongoletsera zimene zimandikhudza kwambiri ndi za maliro. Ku England, kuyambira kale, anthu ankasiya ndalama m'makalata awo ogawira chuma cha masiye kuti abale ndi abwenzi apangitse mphete zowakumbukira, ndipo mphetezo zinkakutidwa ndi enamel wakuda, dzina la womwalira, tsiku limene anamwalira ndi zaka zake zitalembedwa ndi zilembo zagolide. Mwamuna wa Mfumukazi Victoria, Prince Albert, atamwalira mu Disembala 1861, mfumukaziyo inavala zakuda mpaka imfa yake mu 1901, ndipo mwambowu unakula kwambiri kotero kuti mafakitale anayamba kupanga timaphini takuda tolembedwa kale mawu okumbukira, tokhala ndi kazenera kumbuyo koikamo tsitsi la womwalira. Wakuda unali mtundu wa munthu wapabanja. Ngati womwalirayo anali mwana kapena munthu wosakwatira, ankagwiritsa ntchito enamel woyera. Ndinagwirapo mphete yotere m'sitolo ina ya zinthu zakale, yoyera, yopyapyala, zilembo zake zitayamba kufufutika chifukwa chovalidwa, ndipo zaka zolembedwapo zinali 7. Ife amene tinakula tikuona amasiye atavala zakuda kwa miyezi, ndiponso tikudziwa kulemera kwa mwambo wa kumeta, sitivutika kumva chimene mayi wa mwanayo ankafuna. Chimene chinandipweteka n'chakuti mpheteyo inali m'thireyi pamodzi ndi zinzake, itamangiriridwa kapepala ka mtengo, popanda aliyense wodziwa kuti mwanayo anali yani. Sindinaigule, ndipo mpaka lero ndimaiganizira.

Njira yovuta kuposa zonse ndi plique-à-jour, mmene galasi limakhala lopanda chitsulo kumbuyo, logwiridwa ndi timawaya m'mbali mokha, kotero kuti kuwala kumadutsa monga kumadutsira m'mawindo a mitundumitundu a m'tchalitchi. Amisiri ena amathira ufa wonyowa m'timabowo kuti ulendewere wokha ngati thovu la sopo, ena amaika chogwiriziza kumbuyo n'kuchichotsa galasi litapsa, ndipo m'njira zonsezi zambiri zimasweka zisanathe. Nyengo yake inali ya kakongoletsedwe kotsanzira maluwa ndi zinthu zachilengedwe kotchedwa Art Nouveau, cha m'ma 1890 mpaka 1910, ndipo dzina lalikulu linali René Lalique wa ku Paris. Tombolombo wake wotchuka, wa m'ma 1897 ndi 1898, wokhala ndi thupi la mkazi lotuluka m'kamwa mwa chilombo ndi mapiko otha kugwedezeka, ali ku Calouste Gulbenkian Museum ku Lisbon. Lalique anasonyeza kuti chodzikongoletsera chingakhale chamtengo chifukwa cha luso, ngakhale chitapangidwa ndi galasi ndi nyanga m'malo mwa dayamondi, ndipo pa mfundo imeneyi ndimagwirizana naye ndi mtima wonse.

Nkhani ya enamel ikayamba, anthu amathamangira kutchula Fabergé, ndipo n'zomveka. Kampani ya Peter Carl Fabergé ya ku St Petersburg inapangira mafumu a ku Russia zokongoletsa zamtengo wapatali zooneka ngati mazira a Pasaka zokwana 50, kuyambira la 1885 limene Alexander III anapatsa mkazi wake Maria Feodorovna, ndipo guilloché wake, monga wachikasu wa pa dzira lokumbukira kulongedwa ufumu la 1897, ndi wosalala modabwitsa ngakhale pamalo obulungira pamene galasi losungunuka limafuna kutsetsereka. Koma Fabergé mwiniwake sankakhala pang'anjo. Ntchitoyo inkatuluka m'manja mwa amisiri oyang'aniridwa ndi anthu monga Michael Perkhin ndi Henrik Wigström, ndipo pansi pa iwowo panali ena ambiri amene mayina awo sanalembedwe paliponse. Ine mtima wanga uli pa zinthu zimene munthu wamba ankatha kugula. Kampani ya Charles Horner ya ku Halifax, mwachitsanzo, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 inkapanga timikanda ndi maphini a zipewa a siliva okutidwa ndi buluu wosakanikirana ndi kubiriwira, ndipo mtsikana wogwira ntchito m'sitolo ankatha kusunga malipiro ake n'kudzigulira. Zinthu zoterezi zimadziwika ndi zidindo zake zakumbuyo: zilembo C.H., mkango woyenda wotsimikizira kuti ndi siliva, chizindikiro cha ofesi yoyesa siliva ya ku Chester imene inatsekedwa mu 1962, ndi chilembo chimodzi chonena chaka. Za ku Birmingham zimakhala ndi nangula, chizindikiro cha ofesi ya kuno imene inatsegulidwa mu 1773. Galasi la pa zinthu zotchipazi linapsa pamoto womwewo ndipo linaperedwa ndi kupirira komweko.

Chimene chimandikwiyitsa ndi chinyengo cha mawu. Zambiri zimene lero zimagulitsidwa pa intaneti ndi dzina la enamel ndi utomoni wa pulasitiki wothiridwa wozizira, umene sunaonepo moto. Si tchimo kupanga zinthu zotere, koma n'kulakwa kuzigulitsa ngati zakale, ndipo n'kulakwa kwambiri kumata utomoni pa chinthu chakale chobenthuka n'kukhala chete pochigulitsa. Galasi lenileni limazizira ukaligunditsa pamlomo, limalira mouma ukaligogoda pang'ono padzino, ndipo nsonga ya singano imatsetsereka popanda kusiya chizindikiro. Utomoni umamveka wofunda, umakandika, ndipo pakapita zaka umasanduka wachikasu, kotero kuti chigamba chimene sichinkaoneka tsiku logula chimadzaonekera poyera.

Kagulugufe kanga ndinakavala zaka zitatu, makamaka popita kutchalitchi. Tsiku lina m'nyengo yozizira, ndikuvula jasi kukhitchini, phini yake inamasuka ndipo kanagwera pa matailosi. Phokoso lake linali laling'ono kwambiri, koma nditakatola ndinapeza kuti nsonga ya phiko lakumanja yabenthuka, kachidutswa kaakulu ngati njere ya mpunga kachoka, ndipo mng'alu woonda ngati tsitsi wayenda kulowera chapakati. Ndinagwada pansi kufunafuna kachidutswako ndipo ndinangopeza fumbi labuluu. Loweruka lotsatira ndinapita ku Jewellery Quarter, dera la amisiri a golide ndi siliva mumzinda uno, kumene ndinalozeredwa kwa bambo wina wachikulire amene wagwira ntchito ya enamel moyo wake wonse m'kachipinda ka pamwamba. Anakayang'ana ndi galasi lake nthawi yaitali osalankhula.

"Bambo, kodi mungathe kukakonza?" ndinawafunsa.

Anandiyankha kuti pali njira ziwiri ndipo iwo sakukondwera ndi iliyonse. Kukabwezera m'ng'anjo kukanasungunula mtovu wolumikizira phini, kukanachotsa golide wopyapyala wokutira siliva, ndipo galasi lakale likanatha kuchita thovu kapena kusintha mtundu chifukwa cha litsiro limene linali litalowa kale mumng'alu, moti kuti ntchito ituluke bwino anayenera kuchotsa galasi lonse la phikolo n'kuthira latsopano, la buluu wosafanana ndendende ndi wa phiko linalo. Njira yachiwiri inali kudzaza pobenthukapo ndi utomoni. "Mayi," anatero, "ndikachotsa galasili ndiye kuti ndachotsa ntchito ya munthu amene analithira, ndipo mutsala ndi siliva wa ku Oslo wovala galasi langa. Ndikamata utomoni, mukondwa chaka chino, koma pakapita zaka mudzaona chigamba." Anandilangiza kuti ndisamakatsuke ndi madzi otentha kapena mankhwala opukutira siliva, ndizikapukuta ndi kansalu kofewa, ndipo ndizikasunga pakokha kuti kasamakhulane ndi zinthu zina. Anangolimbitsa phiniyo ndipo anakana kulandira ndalama.

Ndinabwerera nako kunyumba kali kobenthuka momwemo. Pamene galasi linachoka, siliva ali poyera, ndipo ndikayendetsapo chikhadabo ndimamva timizere tija tokwera ndi totsika, timene kwa zaka zoposa 60 tinali totsekeredwa pansi pa buluu ndipo palibe chala chinatikhudzapo chichokereni m'manja mwa amene anatikuta. M'mphepete mwa pobenthukapo, ndikayang'ana ndi galasi lokulitsa, ndimaona kuchindikala kwa galasilo, kosapitirira kwa chikhadabo changa, buluu wake wozama chapansi ndi wopepuka chapamwamba. Ndimakavalabe Lamlungu lililonse, kumanzere kwa jasi, ndipo ndisanatuluke m'nyumba ndimayamba ndaona kawiri ngati phini yatsekeka.